Tsiku limene usipa unayamba kundinunkha

Ine usipa ndimaukonda, aliyense amene amandidziwa akhoza kundichitira umboni. Munthu akamabwera kuchokera kumudzi ndimachita kumuchonderera kuti olo asiye zina zonse koma kajumbo ka usipa ndi ufa woyera pang'ono asaiwale, ndipo ndimapita ndekha ku Park Station, depoti ya mabasi kuno ku Joni, kukadikira basi olo itachedwa tsiku lonse pa Beitbridge. Nde tangoganizani madzulo ena mu June, kunja kuli kuzizira kuja kwa kuno kolowa mpaka m'mafupa, ndatsegula kontena imene ndimasungiramo usipa kuti ndikonze ndiwo, fungo kungondifika m'mphuno m'mimba monse kutembenuka, ndinathamangira ku toilet chitseko osatseka. Abambo akunyumba anatenga kontena ija nkununkhiza, akuti "usipawu uli bwinobwino, inuyo mwatani?" Ine yankho ndinalibe. M'mawa mwake inali heater ya parafini, tsiku linalo perfume ya mayi wina amene ndinakhala naye pafupi mu taxi, kenako mafuta ophikira, kenako sopo yemweyo amene ndakhala ndikusambira zaka zonsezi.

Mukudziwa mmene tilili ife, thupi likangofooka timati malungo. Abambo anakandigulira Grand-Pa, mankhwala aja a mutu, pa kaokala ka spaza ndipo ndinamwa, kawiri konse, nkhani imeneyi ibweranso kutsogoloku. Koma pansi pa mtima ndinkadziwa kuti si malungo, Joni ili pamtunda kwambiri, mamita oposa 1,700, udzudzu wofalitsa malungo sukhala kuno, ndipo ine zaka 2 zinali zitatha ndisanaponde kwathu ku Thyolo. Za mimba sindinaganizeko msanga chifukwa ndinali nditasiya jakisoni wakulera chaka chatha ndipo chisiyireni kumwezi ndinkangopita mwa apo ndi apo, mwezi uno inde wamawa ayi, thupi limatha kutenga miyezi yambiri lisanabwerere m'chimake ukasiya jakisoni. Chimene chinanditsegula maso ndi mabere. Anayamba kulemera ndi kupweteka moti bulangeti likangowakhudza usiku ndinkadzidzimuka, ndipo nsonga zake zinayamba kuda.

Ndinakagula kachipangizo koyezera mimba ku pharmacy, ndinayeza mbandakucha chifukwa papepala analemba kuti mkodzo woyamba wa m'mawa ndi umene umaonetsa bwino. Mizere iwiri. Ndinakhala pansi m'bafa mozizira muja ndikuyang'ana, chimwemwe chilipo, mantha aliponso, zonse nthawi imodzi. Pambuyo pake ndi pomwe ndinadzaphunzira chimene kachipangizo kaja kamaona. Dzira likakumana ndi umuna limayenda masiku angapo nkukakhazikika m'chiberekero, ndipo kachigawo kamene kadzasanduke nsengwa kamayamba kutulutsa homoni yotchedwa hCG, imeneyi imalowa m'magazi nkumatulukira mu mkodzo, ndi imene imajambula mzere wachiwiri uja. Masabata oyambawo imachuluka mothamanga, masiku 2 kapena 3 alionse imakhala yawirikiza, mpaka kufika pachimake cha m'ma sabata 10 kenako nkuyamba kutsika. Ntchito yake ndi kuuza thumba la mazira kuti lipitirize kupanga homoni ina yotchedwa progesterone, chiberekero chisataye zimene chayalira mlendo, nchifukwa chake munthu sapitanso kumwezi. Ndikanadziwa izi nthawi imene ija bwenzi mtima uli m'malo, chifukwa ine ndinkangoona ngati thupi langa landiukira.

Woyamba kumuuza, kupatula abambo, anali amayi anga pa WhatsApp. Anakhala chete kaye, ndinamva akuthokoza Mulungu chapansipansi, kenako nkunena kuti "mwana wanga, pakamwa potseka. Usauze munthu olo mnzako wapamtima mpaka izioneka yokha. Kumeneko nkwa eni, sudziwa amene akukufunira zabwino." Sindinadabwe, tonse tinakula nazo izi, mimba yaing'ono salengeza, ena amaopa oipa mtima kuti angaimange, ena amangoopa kuti ikachoka udzawayankha chiyani anthu onse unawauza aja. Ine amayi anga sindiwanyoza pa zimenezi, anabereka ana 8 awiri anawaika m'manda, akamalankhula amadziwa chimene akunena.

Koma pali chinthu ndachiganizira kwambiri miyezi imeneyi. Kumudzi chinsinsi chimenechi sichikhala chinsinsi chenicheni. Iwe sunena inde, koma azakhali aona kale kuti therere wasiya, agogo akuona mmene ukulavulira malovu kuseri kwa nyumba, apongozi akuona kuti ukugona masana, ndipo mwakachetechete wina amakulandira ndowa ya madzi, wina amakuphikira phala, alangizi amabwera nthawi yake ikakwana. Amene akukubisa ndi omwewo akukusamala. Kuno ku Joni malangizo aja timabwera nawo pa basi koma anthu aja timawasiya. Umatseka pakamwa m'chipinda chimodzi cha lendi ku Rosettenville, mwamuna amachoka kusanache kubwera kutada, aneba ndi a ku Zimbabwe, a ku Congo, a ku Mozambique, aliyense ali pa zake, ndipo masabata amene thupi likusintha kwambiri, omwenso zoopsa zimatha kuchitika, ndi omwewo amene palibe akudziwa kuti uli ndi pakati. Ine ndinafika pomaona ngati kupita ku kiliniki nakonso nkuulula, ndinkati ndidzayamba sikelo ikadzaoneka, miyezi 5 kapena 6, ngati mmene amachitira ambiri.

Nseru ija amati ndi ya m'mawa koma yanga inalibe nthawi. Inayamba cha m'ma sabata 6, pofika sabata 9 inali itafika poipa, kutsuka mano kokha ndinkasanza. Malovu nawo osaneneka, m'kamwa kumangodzadza, ndinkayenda ndi kabotolo kotsekera ndi kansalu m'chikwama chifukwa mu taxi sungamuuze driver kuti aime ulavule. Kuchoka ku Rosettenville kufika mtawuni, kutsika, kudutsa mu utsi wa nyama zootcha, kukafola pa Bree kukwera ina ya ku Randburg komwe ndimagwira ntchito ya m'nyumba, ndinkafika nditatheratu ntchito ndisanaiyambe. Zimene zinandithandizako ndi zing'onozing'ono, kudya kabisiketi kouma kapena kachidutswa ka buledi ndisanatsike pabedi, osalola m'mimba kukhala mopanda kanthu chifukwa njala ndi imene imaiputa nseru, kudya pang'onopang'ono kangapo patsiku m'malo mwa nsima yaikulu kawiri, madzi a jinja, kununkhiza ndimu mu taxi, ndi zakudya zozizira poti sizitulutsa fungo ngati zotentha. Panali masabata amene ndinkakhalira phala, nthochi ndi mbatata yophika basi.

Ndinawerenga kuti mu 2023 akatswiri anatulutsa kafukufuku wosonyeza kuti homoni ina yotchedwa GDF15, yochokera ku nsengwa, ndi imene imakhudza mbali ya ubongo yoyambitsa nseru, ndipo matupi athu amaimva mosiyana. Ndikulemba izi dala chifukwa cha mawu aja timauzana, oti "ife tinkalima nayo mimba, za ana a masiku anozi ndi ulesi." Si ulesi ayi, ndipo si kudzimva. Wina imamudutsa mopepuka, wina imamugoneka pamphasa. Ndipo pali ina yoopsa imene madokotala amati hyperemesis gravidarum, pomwe munthu akusanza chilichonse olo madzi tsiku lathunthu, mkodzo ukutuluka wochepa wofiirira, thupi likutha, akaimirira chizungulire. Imeneyo siyopirira kunyumba, imafuna drip, ndipo mankhwala oletsa kusanza oyenera munthu woyembekezera alipo ku chipatala.

Kutopa nako ndi nkhani ina. Progesterone ija, imene poyamba imachokera ku thumba la mazira kenako nsengwa nkulandira ntchitoyo cha m'ma sabata 10, imafewetsa minofu kuti chiberekero chisamakokane nkukankha mwana, koma siisankha, imafewetsanso matumbo ndi kakhomo ka pamwamba pa chifu. Nde chakudya chimayenda pang'onopang'ono, umadzimbidwa masiku 3, mimba kufufuma ngati ya miyezi 4 pomwe mwanayo ali ngati kanyemba, usiku chilungulira chikuotcha pakhosi. Imabweretsanso tulo tolemera, ine ndinkagona chokhala pa nthawi ya lunch kuseri kwa garaja ya abwana. Komanso magazi m'thupi amayamba kuchuluka, pofika kumapeto kwa mimba amakhala ataonjezereka pafupifupi theka la amene unali nawo, impso zimagwira ntchito yambiri, nde kukodza pafupipafupi, usiku umodzi kanayi, toilet ili panja ya mabanja 5, mu July, magetsi atazima.

Chimene sindinkachiyembekezera ndi mtima. Ine si munthu wolira chisawawa koma ndinkalira, mu taxi, posita zovala, ku tchalitchi kwaya ikangoyamba nyimbo ya kwathu. Tsiku lina ndinawakalipira abambo chifukwa chokazinga anyezi, mawu oti sindinawalankhulepo chikwatiraneni, iwo anangozimitsa stove nkutuluka kukaima panja pozizira, ine nkutsala ndikulira kuti kodi ndasanduka munthu wanji. Mahomoni a estrogen ndi progesterone akakwera chonchi amakhudza ndi ubongo womwe, uonjezerepo kusagona, njala, nkhawa ya lendi ndi ntchito, kuwasowa amayi ako. Kudziwa kuti ndi mahomoni sikunaumitse misozi koma kunandichotsa manyazi, ndinatha kukhala nawo pansi abambo nkuwauza kuti vuto si inu, ndipo iwo anayamba kumaphika ine ndili panja, windo atatsegula. Komabe tisamangoti mahomoni pa chilichonse. Ngati kukhumudwa kwatha masabata 2 osakusiya, palibe chikukusangalatsa, kapena maganizo ofuna kudzipweteka akubwera, amenewo ndi matenda ndipo thandizo lake lilipo, muuzeni nesi osachita manyazi.

Sabata 8, Lachinayi usiku, ndinapita ku toilet nkuona timadontho ta magazi. Abale, miyendo inazizira. Tinali tochepa tofiirira, m'mimba simunkapweteka kwenikweni koma kumangokoka ngati ukafuna kupita kumwezi. Abambo anali atapita ku ganyu ya zomanga ku Rustenburg, foni ya amayi yozima, kumudzi kutchaja foni ndi mwayi. Ndinakhala pabedi mpaka cha m'ma 11 koloko kenako ndinaswa lamulo la amayi, ndinaimbira mayi ena a Mvano a ku tchalitchi kwathu, achikulire ndithu, akhala kuno zaka zoposa 20. Sanandifunse kuti bwanji sunanene. Anangoti "magaziwo akudzadza pad? Ululu uli mbali imodzi? Phewa likupweteka? Chizungulire ukuchimva?" Nditati ayi pa zonse anati "gona mwanawe, foni ikhale pafupi, chikasintha chilichonse undiimbire tipite usiku womwe uno. Apo ayi 5 koloko ndikupeza, tikupita ku kiliniki."

Panjira ndinawauza chimene chinkandiopsa chenicheni, mapepala. Masiku a mu pasipoti yanga anatha kalekale, ndipo tonse timaona mavidiyo aja a anthu oima pa mageti a makiliniki kumafunsa anzawo ma ID. Zimene anandiuza ndikufuna mzanga aliyense kuno azidziwe. Chithandizo chaulere kwa amayi oyembekezera ndi ana osafika zaka 6 m'zipatala za boma chinayamba mu 1994 nthawi ya Nelson Mandela. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino limati aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo cha zaumoyo, silinena kuti nzika zokha. Ndipo mu April 2023 khoti lalikulu kuno ku Johannesburg, pa mlandu umene bungwe la Section27 linakasuma, linagamula kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osafika zaka 6 azithandizidwa ulere posayang'ana dziko lochokera kapena mapepala. Sindikunena kuti pa geti paliponse zimayenda monga mwa lamulo, ine ndemwe pa windo lolembetsera ndinalankhulidwa mawu oti mpaka lero ndikawakumbuka amandiwawa, pamaso pa mzere wonse. Koma ndinalowa, ndinathandizidwa, sindinalipire kanthu. Kupita awiri kunathandiza kwambiri, makamaka poti mayi aja Chizulu amachilankhula ngati chawo.

Nesi amene ndinamupeza mkati anali wodekha. Anandiyeza BP, sikelo, mkodzo, magazi kuona ngati ndi okwanira, gulu la magazi, chindoko ndi HIV, nkundifunsa ngati ndikutsokomola chifukwa cha TB. Za HIV ndinachita mantha ngati wina aliyense, koma anandifotokozera kuti akakupeza nako amakuyambitsa ma ARV tsiku lomwelo ndipo ukamamwa mokhulupirika mwayi woti mwana atengere umachepa kwambiri, chindoko nacho chimachizika ndi jakisoni koma chikasiyidwa chimatha kupha mwana m'mimba. Anandipatsa buku la sikelo, kuno amati Maternity Case Record, nkundilembetsa pa MomConnect, mauthenga aulere a unduna wa zaumoyo amene amabwera pa foni malinga ndi pomwe mimba yafika. Anati masiku ano amafuna munthu abwere ku sikelo maulendo 8 ndipo loyamba likhale msanga, masabata 12 asanadutse. Chifukwa cha magazi aja anandilembera kalata ya ku chipatala chachikulu kukapanga scan, tinadikira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, koma nditagona paja dokotala anatembenuza kompyuta nkundilozera kadontho kakuphethira, kakuphethira, akuti mtima wake ndi umenewo. Sindinathe kuyankha.

Kanthu kena kanatsala pang'ono kubweretsa mkangano m'nyumba. Abambo atabwera anaona m'buku muja alemba masabata 8, anawerenga chobwerera pa kalendala ya pa foni nkukhala chete, chifukwa sabata imene anafikapo iwo analinso ku Rustenburg. Sananene kanthu koma nkhope ndinaiona. Zoona zake nzakuti achipatala sawerenga kuyambira tsiku limene mimba inalowa, amayambira tsiku loyamba la ulendo womaliza umene unapita kumwezi, nde pa masabata 40 aja awiri oyambirira munthu amakhala asanaime nkomwe. Ulendo wotsatira ndinapita nawo, nesi anawajambulira papepala mpaka anamvetsa, anayezetsanso magazi tsiku lomwelo. Ndimaganizira akazi anzanga amene anamenyedwapo kapena kuthamangitsidwa chifukwa cha masabata awiri amenewa, popanda wowafotokozera.

Za magazi aja dokotala anati zimachitikira azimayi ambiri, pafupifupi mmodzi mwa 4 alionse amaona kadontho m'miyezi 3 yoyamba ndipo ambiri mimba imapitirira bwinobwino. Koma uli wekha kunyumba sungadziwe kuti ako ndi a mtundu uti. Tikubwerera mu taxi ndi pomwe mayi aja anandiuza chifukwa chimene anandifunsira za phewa. Iwo zaka zapitazo mimba inakakhala mu njira ya mazira m'malo mwa chiberekero, sanauze munthu, ululu wa mbali imodzi anaupirira masiku 3 akumwa mankhwala a mutu, mpaka njirayo inaphulika magazi nkumatayikira mkati, anakomokera kuntchito, anapulumukira ku theatre ndipo njira imodziyo anaichotsa. "Ndinatsala pang'ono kufa chifukwa chosunga mwambo," anatero, maso ali pa windo. Nde magazi ambiri odzadza pad, ululu waukulu makamaka wa mbali imodzi, phewa kupweteka popanda chifukwa, kukomoka, thupi kutentha, zimenezo sadikira nazo kuti kuche, olo ikhale 2 koloko usiku. Kuotcha pokodza nakonso osakunyozera, matenda a chikhodzodzo kwa woyembekezera sachedwa kukwera ku impso.

Ananenanso chinthu china chimene dokotala anali atanena kale, kuti pa mimba 10 zodziwika imodzi kapena ziwiri zimapita padera, kawirikawiri masabata 12 asanakwane, ndipo nthawi zambiri chimakhala choti mwanayo sanapangike bwino kuyambira pachiyambi penipeni. Osati chifukwa unakolopa, unanyamula ndowa, unakwera taxi yodumpha mabampu, kapena unauza mnzako. Ndikudziwa azimayi pa mpingo pathu amene zinawachitikira nkubwerera kuntchito Lolemba ngati palibe chachitika, chifukwa mimba imene sunauze munthu maliro akenso umalira wekha.

Mafunso anga ena onse ndinakawakhuthulira nesi uja. Grand-Pa uja ndinaulula, anati zapita zapita usadzizunze, koma usamwenso chifukwa muli aspirin ndi caffeine, Brufen nayenso ayi, mutu ukapweteka Panado basi pa mlingo wake, ndipo amene ali pa mankhwala a BP, a khunyu kapena ma ARV asasiye okha, abwere nawo awaone. Chimene chinandipweteka mtima ndi folic acid. Amathandiza kuti msana ndi ubongo wa mwana zitsekeke bwino, ndipo zimenezi zimachitika m'masiku 28 oyamba mimba italowa, nthawi imene ambirife sitinadziwe nkomwe kuti taima. Amayenera kuyamba munthu akangosiya kulera. Ine chaka chathunthu nditasiya jakisoni ndikufuna mwana, palibe anandiuzapo. Chinanditonthozako nchakuti kuno kuyambira 2003 lamulo limakakamiza kuthira folic acid ndi ayironi mu ufa wa chimanga ndi wa buledi wogulitsa m'mashopu, nde ufa wa mu shopu uja ndinkaupeputsa kuti sufika pa ufa woyera wa kwathu unali kundithandiza osadziwa.

Mapilitsi a ayironi amawonjezera nseru ndi kudzimbidwa, chimbudzi chimada, ambiri amawataya. Ine ndinayamba kumwa usiku pogona ndipo zinakhalako bwino. Chovuta chinali tiyi, ine mwana wa ku Thyolo wokulira pakati pa minda ya tiyi, akundiuza kuti tiyi amatsekereza ayironi kulowa m'thupi nde asamamwedwe pamodzi ndi chakudya kapena mapilitsi, komanso caffeine asapitirire 200 mg patsiku. Ndinasamukira ku rooibos amene alibe caffeine, kapu imodzi yokha ya tiyi weniweni cha m'ma 10 koloko. Mapilitsi a calcium nawo amamwa nthawi yosiyana ndi a ayironi. Dothi ndinalilakalaka sabata 11, lija amagulitsa m'timapepala pafupi ndi ma rank a taxi, ndinkalimva fungo ngati mvula yoyamba yagwa pa chulu, koma nesi anati chilakolako chimenechi kawirikawiri chimayenda ndi kuchepa kwa ayironi ndipo dothilo limangoonjezera vuto, muthanso kukhala mazira a njoka za m'mimba. Kota ya polony, buledi uja amamuika polony mkati, ndinaisiya nditakumbutsidwa za matenda a listeriosis a mu 2017 ndi 2018, amene anapha anthu oposa 200 m'dziko muno, kuphatikizapo makanda ambiri. Mowa olo pang'ono ayi. Mankhwala a m'mabotolo amene anzathu a kuno amati isihlambezo, kapena mwanamphepo wa kwathu amene ena amatumizirana pa basi, sindinakhudze ndipo sindidzakhudza, mlingo wake palibe amaudziwa ndipo ena amakokanitsa chiberekero mwamphamvu. Pa mazira pokha amayi anandiletsa kuti mwana adzabadwa wopanda tsitsi, nesi anati idya koma opsa bwino. Ndikudya.

Kuntchito ndinkafuna kubisa mpaka kumapeto poopa kuchotsedwa, koma mphaka ndi amene anandiulutsa. Abwana ali ndi mphaka ndipo kutaya mchenga umene amachitiramo chimbudzi inali ntchito yanga tsiku ndi tsiku, nde nditamva kuti m'chimbudzi cha mphaka mumatha kukhala tizilombo ta toxoplasmosis toopsa kwa mwana wosabadwa ndinaona kuti apa palibe kuchitira mwina. Ndinawauza sabata 10, manja akunjenjemera. Lamulo la ntchito kuno limaletsa kuchotsa munthu chifukwa cha mimba ndipo limapereka miyezi 4 ya tchuthi cha uchembere, ogwira ntchito m'nyumba tili momwemo, koma tonse tikudziwa kuti ukakhala wopanda mapepala pakamwa pamalemera. Ine mwayi wanga anandimvetsa, mphaka anamutenga okha, anandigulira magolovesi, mankhwala otsukira m'bafa ndimagwiritsa ntchito windo lili lotsegula ndipo sindisakaniza. Mnzanga wina wa ku Mangochi sizinamuyendere choncho, anangomuuza kuti mwezi wamawa asabwere.

Nkhani imene tikukambirana panopa m'nyumba ndi ya December. Amayi akufuna ndikachirire kumudzi, ine mtima ukufunanso, koma ulendo wa basi ndi masiku 2 kapena 3 kudutsa Zimbabwe ndi Tete mpaka pa Mwanza, nthawi ya mvula, udzudzu uli pachimake. Nesi anandichenjeza kuti munthu ukakhalitsa kumalo kopanda malungo chitetezo chija unakula nacho chimatsika, mimba imachitsitsanso, ndipo malungo kwa woyembekezera amathetsa magazi, amatha kuchotsa mimba kapena kubadwitsa mwana wochepa thupi. Kwathu ku sikelo amapereka Fansidar miyezi 3 yoyamba ikadutsa ndi neti, kuno ku Joni sapereka poti matendawa kulibe. Anati ndikaganiza zopita ndiyambe ndabwera tikambirane za mankhwala oteteza, ndipo ndikadzabwerako thupi likangotentha ndidzanene msanga kuti ndinali ku Malawi, chifukwa kuno akhoza kungoyesa chimfine. Sitinamange mfundo, buku la sikelo lokha ndi limene ndatsimikiza kuti kulikonse ndipite likhala m'chikwama cha m'manja.

Nseru inayamba kuchepa sabata 13, pang'onopang'ono, tsiku lina labwino lina loipa, malovu anatsalira mpaka sabata 16. Lamlungu lapitali, ndili sabata 19, mayi a Mvano aja anabwera kudzandiona titaweruka ku tchalitchi, anatsegula okha kontena ija imene ndinali nditaikulunga m'majumbo atatu nkuibisa pamwamba pa wardrobe chiyambire June, anatsuka usipa, anauthira tomato ndi kamchere, ine ndili pakhomo kudikira kuti m'mimba mutembenuke. Simunatembenuke. Ndinadya mitanda iwiri ya nsima, abambo akungondiyang'ana, kenako tinawaimbira amayi pa video, ndipo kanali koyamba kuwauza kuti usiku uja wa magazi ndinauza munthu. Anakhala chete ngati tsiku loyamba lija, kenako anati "apatse foni mayiwo ndiwathokoze."